Pansi pa Masharubu a Asewele

Che Hamidi ndi munthu waukali, tisabisepo. Kondakitala wa basi akangoyerekeza kutsamiritsa thumba la mbatata pakhomo la kashedi kawo kometera, mawu awo amamveka mpaka tsidya lina la siteshoni ya mabasi ya Renkini. Amayamba m'Chindebele kuti wolakwayo amve bwino, n'kulowa m'Chichewa mtima ukatentha, n'kumalizira m'Chilapalapa, chiyankhulo cha m'migodi chimene anatola kwa bambo awo. Koma munthu akakhala pampando wawo, nsalu n'kumangidwa m'khosi, ukali wonse umazilala. Dzanja limakhazikika, pakamwa pamatsekeka, umangomva sizasi ikulira.

Lusoli anawasiyira ndi bambo awo, amene anachoka ku Machinga wapansi ali mnyamata, nakumba m'migodi mpaka chifuwa chinayamba kulira, kenako n'kudzapeza ntchito ya kunjanji kuno ku Bulawayo. Lamulungu lililonse mkuluyo ankameta anzake a kumudzi pansi pa mtengo ku Makokoba. Mwana wake anamusiyira lumo lopinda la chigwiriro chakuda, lamba wonolera, ndi lamulo limodzi lokha: zimene waona pamutu pa munthu usakauze wina, ngakhale mkazi wako. Ndipo kuona Che Hamidi aona. Aona zipere, aona zipsera za mabotolo pamitu ya anthu olumbira kuti mowa sanaulawepo, aona mphini za asing'anga kuseri kwa makutu a anthu oswali mzere woyamba mumzikiti. Palibe n'chimodzi chomwe chinatuluka pakamwa pawo. N'chifukwa chake madoda a ku Makokoba, Thorngrove mpaka Nkulumane amalambalala masaluni a anyamata a nyimbo zaphokoso n'kudzadikira pabenchi pawo.

Akazi awo anamwalira mwana womaliza, Nazira, akadali ku pulayimale. Anyamata awiri aakulu anawolokera ku Egoli, mzinda wa golide kutsidya la malire, amangoimba foni pa Idi. Nazira ndiye anatsala, ndipo anthu a m'dera amawaitanira dzina lake, amati SekaNazira, kutanthauza bambo a Nazira. Mwanayu Chichewa amamva chonse, koma ukamuyankhula amakubwezera m'Chindebele monga achitira ana obadwira kuno. Bambo ake analimbana nazo mpaka anatopa. Anangozindikira chinthu chimodzi, kuti Nazira akayankhula Chichewa ndiye kuti zinthu zavuta.

Mwa onse okhala pampando uja, amene anakhalitsa ndi Che Ramadhan, wogulitsa mpunga ndi usipa wobwera pamabasi kuchokera kumudzi. Lachinayi lililonse ankabwera ku Renkini kudzalandira katundu, n'kumeteratu kuti Lachisanu akalowe mumzikiti ali waukhondo. Munthuyu anali ndi zake. Sankalola kukhala moyang'ana kokwerera mabasi. Asanakhale ankayamba watembenuza mpando kuti uloze kukhoma. Ndiye panali masharubu. Aaa, masharubu amenewo inu! Shehe aliyense amene anadutsa pamzikiti pawo analalikirapo kuti Msilamu asunge ndevu za kuchibwano koma za pamlomo adule, mlomo uzioneka. Che Ramadhan ankagwedeza mutu movomera, sabata yotsatira masharubu ali pomwepo, akumwa nawo tiyi.

Tsiku loyamba lenilenilo, onse awiri akadali ndi tsitsi lakuda, anagwira dzanja la Che Hamidi sizasi isanafike pamlomo.

"Apa musafupikitse, achimwene. Ndinagwera chitini ndili mwana."

Che Hamidi anatukula ndevuzo ndi chipeso n'kuona. Kanali kamzere kowongoka, kochokera pansi pa mphuno ya kumanzere kutsikira kumlomo, tsitsi losamerapo. Pothera pake mlomo unali wotsinika pang'ono, ndipo mphuno ya mbali imeneyo inali yophwatalala kusiyana ndi inzake. Iwo mabala ankawadziwa, a mpeni, a botolo, a waya. Ili silinkaoneka ngati bala, ndipo chitini chophwatalalitsa mphuno anali asanachimvepo. Koma sizinali zawo. Anaphunzira kupesera ndevuzo kumanzere kuti zizikwirira bwino, nachita zimenezo zaka zoposa makumi atatu osafunsa kanthu.

Ubwenzi unakula mpaka unabala ubale. Faruk, mwana wa Che Ramadhan woyendetsa malole, anakwatira Nazira n'kupita naye kunyumba ya makolo ake ku Nkulumane. Madoda awiriwa anasiya kuitanana achimwene, nayamba kuitanana asewele.

Mwana anabadwa Loweruka m'mawa. Che Hamidi anali pakati pometa munthu pamene foni inalira.

"Baba, bwerani. Bwerani msanga."

Nazira, akuyankhula Chichewa! Munthu uja anamusiya mutu uli theka.

Kuchipatala anamupeza Nazira atatembenukira kukhoma. Khanda linali pambali pake, lofundidwa mpaka kumaso. Anavundukula. Kanali kamtsikana konenepa bwino, katsitsi kambiri, koma mlomo wam'mwamba unali wogawanika kumanzere, mpata wake kukwera mpaka kukalowa m'mphuno, nkhama zili poyera. Tinene zoona, Che Hamidi anayang'ana kumbali. Anachita mantha, kenako anachita manyazi ndi manthawo, ndipo manyaziwo ndi amene anawabwezera maso pamwana. Kanthuko kanayasamula n'kuwagwira chala.

Namwino wa m'chipindamo, mayi wa Chindebele dzina lake Sithembile, anawakokera pambali. Anaona kuti mkuluyu ndi wa ntchito yamanja, choncho anawafotokozera ndi manja.

"Baba, nkhope ya munthu siyamba yathunthu," anatero m'chiyankhulo chake. "Mimba ikangoyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati, mlomo wam'mwamba umakhala zigawozigawo. China chimatsika pakati kuchokera kumphunoku, ziwiri zimachokera m'mbali." Anasonkhanitsa zala pansi pa mphuno yake. "Zimakumana apa n'kulumikizana. Gwirani kangalande kali pansi pa mphuno yanuko, ndi cha pamenepo. Kwa ana ena mbali imodzi sifika. Basi. Uyu kumwamba kwa m'kamwa n'kotseka bwinobwino, ayamwa. Akakwanitsa miyezi ingapo madokotala adzasoka."

"Walakwitsa ndani?" anafunsa Che Hamidi.

"Palibe. Nthawi zambiri sitidziwa n'komwe chifukwa chake. Nthawi zina zimayenda m'magazi, kuchimuna kapena kuchikazi, mwina kudumpha anthu angapo. Kodi kwanu alipo wotere? Mwina osati wogawanika chonchi. Ena amabadwa mlomo uli wolumikizana, n'kungotsala kamzere ngati chipsera, mphuno n'kupendekeka pang'ono."

"Kwathu kulibe," anayankha, ndipo sananame. Koma anakumbukira kuti kamzere kameneko anali atakapesera ndevu dzana lomwelo.

Mwambo wake umati tsiku lachisanu ndi chiwiri pachitike akika: azinge mbuzi, mwana ametedwe tsitsi lobadwa nalo, apatsidwe dzina. Tsikulo linkagwa Lachisanu. Che Hamidi ameta timitu ta makanda ambirimbiri a Asilamu a m'tauni muno, ndipo lumo la bambo awo anali atalinola mimba ya Nazira isanakhwime n'komwe, kudikira mdzukulu wawowawo. Lachitatu anakwera kombi ya ku Nkulumane atanyamula sopo ndi kabulangeti. Atalowa pageti anayang'ana uku ndi uku. Mbuzi panalibe, nkhuni panalibe, ngakhale mpando umodzi wobwereka kwa aneba panalibe.

Anawakhazika pabalaza. Amene anayamba kuyankhula ndi mayi Hadijah, akazi a Che Ramadhan, moni asanathe n'komwe.

"Asewele, tisazungulire. Ife kumtundu kwathu zimenezi kulibe. Ine ndabereka ana asanu, onse ndi milomo yawo. Faruk amakhalira pamsewu, mwezi wathunthu ali ndi lole kumalire uko. Wotsala kuno ndi amene akudziwa kumene wazitenga."

"Mukuti chiyani, mayi?" Che Hamidi anadzuka. "Mwana wanga ine? Mwana amene mwakhala naye m'nyumba muno, akukuchapirani, akukuphikirani? Mwamuona akutuluka ndi ndani? Tchulani dzina!"

"Dzina lili pankhope ya mwanayo."

Anatembenukira kwa mkamwini wawo, amene anaima pakhomo akuseweretsa makiyi a lole. "Faruk, mwana wanga, iwe ukuti bwanji?"

"Angazi, baba," anatero mnyamatayo maso ali pansi. Akuti sakudziwa! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, woyendetsa chilole cha matayala osawerengeka, sakudziwa ngati mkazi wake ndi mkazi wake.

Che Ramadhan nthawi yonseyi dzanja linali pakamwa. Khandalo anali asanalione. Chitulukireni m'chipatala anakana kulowa m'chipinda chimene linali. Atayankhula, anayankhula motsitsa, osayang'ana munthu.

"Lachisanu m'mawa mudzatenge mwana wanu, asewele. Akika kuno kulibe. Dzina mukamupatse nokha."

Mawu anafika pakhosi pa Che Hamidi, anafika palilime. Anayang'ana masharubu aja, opesedwa ndi dzanja lawo lomwe. Kungoti, tukulani ndevuzo tione, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ikanatha bwanji? Munthu ukamuvula pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake sakukhululukira, ndipo Nazira sakanamwanso madzi m'nyumba imeneyo. Komanso panali lamulo lija, limene anali asanaliswepo chimwalirireni bambo awo. Anameza mawuwo n'kupempha kuti aone mwana wawo.

Nazira anali kuchipinda cha kuseri, akuyamwitsa, chala chake chitatseka mpata wa pamlomo monga anamuphunzitsira namwino. Maso anali otupa.

"Baba, ine sindinayende ndi munthu wina. Mukundikhulupirira?"

"Ndikukukhulupirira, mama."

"Ndamva zonse. Mwakalipa pang'ono, kenako mwangoti zii. Kondakitala mumamukalipira tsiku lonse chifukwa cha thumba la mbatata. Ine bwanji?"

Che Hamidi anasiya sopo ndi kabulangeti pabedi n'kutuluka, mtima ukuwawa ngati wapondedwa.

Lachinayi kunacha magetsi atazima, makina ometera ali gone pashelefu. Che Hamidi ankaganiza kuti asewele awo sabwera. Ndani angabwere? Koma nthawi yake itakwana, uyo, Che Ramadhan akudutsa pakati pa mabasi mutu uli pansi monga mwa masiku onse. Kaya chinali chizolowezi, kaya kufuna kuonetsa kuti saopa munthu, kaya miyendo inangowabweretsa yokha. Pabenchi panali madoda awiri.

"Magetsi kulibe, mubwere mawa," anawauza Che Hamidi.

Madodawo anayang'anana, poti aliyense pa Renkini amadziwa kuti mkuluyu sadalira magetsi. Koma ataona nkhope yake ananyamuka osafunsa.

"Salaam aleikum."

"Wa aleikum salaam."

Zinathera pomwepo. Che Ramadhan anatembenuza mpando kuloza kukhoma, kumene kuli galasi, n'kukhala. Che Hamidi anamanga nsalu, napaka sopo, natenga lumo n'kulipititsa palamba. Phokoso la Renkini linali lomwe lija, mahutala, oitanira anthu a ku Gwanda ndi ku Lupane, amayi ogulitsa mazira owiritsa, koma m'kashedimo munkamveka lumo lokha.

Anayamba tsaya la kumanja. Anatsika nalo kuchibwano, nakonza m'mphepete mwa ndevu, nafika pakhosi. Mtsempha wa pakhosipo unkagunda mooneka. Musaganize zoipa, Che Hamidi si chigawenga. Chimene chinkawayesa chinali china, chaching'ono, chosavuta. Kungokweza lumo pang'ono, kulidutsitsa kamodzi pansi pa mphuno ya kumanzere, n'kunena kuti pepani asewele, dzanja laterereka, ukalamba. Kamodzi kokha. Ndevu sizimera tsiku limodzi. Renkini yonse ikanaona, mawa mzikiti wonse ukanaona, mayi Hadijah akanaona, ndipo iwo pakamwa pawo sipakanatuluka liwu ndi limodzi lomwe. Lamulo la bambo awo likanakhala losasweka.

Lumo linakwera. Linaima pamwamba pa masharubu, losakhudza.

Maso a Che Ramadhan anatseguka m'galasi. "Mwaiwala njira, asewele? Apo simufikapo."

Che Hamidi anaima choncho, lumo lili m'mwamba. Munthuyu anabwera yekha, napereka khosi lake kwa bambo wa mtsikana amene akumuthamangitsa, chifukwa pampando uwu sanachitiridwepo chiwembu. Anapinda lumo n'kuliika pashelefu. Anatenga chipeso.

"Chitini chija chinali cha chiyani?"

"Mwati bwanji?"

"Chimene munagwera. Cha nsomba? Cha jamu? Anakusokerani kuchipatala chiti?"

"Ndinali mwana. Ndingakumbuke bwanji?"

"Anakuuzani ndani?"

"Mayi ondipeza. Asewele, metani ndizipita, katundu akundidikira."

"Nanga amayi anu okuberekani anati chiyani?"

"Amayi anga musawatchule!"

Mawuwo anatuluka mokweza moti mayi wogulitsa mazira panja anasuzumira. Che Hamidi anakankha chitseko ndi phazi. Kenako anachita chimene anali asanachitepo: analowetsa chipeso pansi pa masharubu n'kuwatukula, osati kuti adule, koma kuti mwini wake aone. Ndi dzanja linalo anatulutsa foni, napeza chithunzi cha khanda chimene anajambula kuchipatala, n'kuchigunditsa pagalasi pafupi ndi nkhope ya Che Ramadhan.

"Mwakana kumuona. Muoneni pano, palibe wina. Mbali yake ndi iti? Mphuno yake yagwera kuti?"

Che Ramadhan anafuna kutembenuza mutu, koma chipeso chinali chitawagwira.

"Namwino wandiuza kuti mlomo umayamba uli zigawo, n'kukumana mwana ali m'mimba. Wanu unakumana, n'kusiya mzerewu. Wa mwanayu sunafike. Sindikuti mwalakwa ndinu. Akuti palibe wolakwa, ndipo ine ndamukhulupirira. Ndikungoti mwanayu ndi wa Faruk, ndi wanu, ndipo mwana wanga sanayende ndi munthu."

Anachotsa chipeso. Ndevu zinagwa n'kukwiriranso. Che Ramadhan ankapumira m'mwamba.

"Zaka zonsezi," anatero, "ndimakhala pampando pano ndikuyesa ndinu munthu wosunga pakamwa. Kani mumandiwerenga nkhope, kusungira tsiku lake?"

"Kusunga ndasunga. Sindinauze munthu, ngakhale Nazira amene akulira uko. Dzulo m'nyumba mwanu ndinameza. Ndauza mwini wake basi."

Che Ramadhan anakoka nsalu m'khosi mpaka mfundo inaduka, naitaya pansi, natuluka sopo ali tsaya limodzi. Sanapite kumene kunali katundu wawo. Analunjika kokwerera mabasi akutali, kumene sankayang'anako n'komwe, n'kukaima pakati pa anthu ndi mitolo yawo, osasuntha, makondakitala akuwakoka malaya. Che Hamidi anawayang'ana mpaka basi ina inawatchinga. Anakhala pampando wawo womwe. Kwa iwo zinali ngati lamulo aswa, mnzawo wa zaka zonsezi ataya, ndipo mwana wawo sanamupulumutse. Tsiku limenelo sanametenso munthu.

Lachisanu m'mawa anavala mkanjo woyera n'kukwera kombi. Lumo linali m'thumba. Anali atatsimikiza kuti mdzukulu wawo akamumeta okha ku Makokoba, mbuzi kaya palibe, dzina akamupatsa okha. Njira yonse ankayeseza mumtima mawu oti akanene kuti asakatukwane munthu pa tsiku la Juma, tsiku la mapemphero.

Pakhonde ku Nkulumane panali zikwama ziwiri za mizeremizere zomanga kale, beseni la mwana lili pamwamba. Mayi Hadijah anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Faruk anatsamira lole yake kunja kwa geti. Ndipo pakati pa bwalo, padzuwa, panali mpando wa kukhitchini, Che Ramadhan atakhalapo, thaulo lili m'khosi, tsaya limodzi losalala, linalo lili ndi ziputu za dzulo. Maso awo ankaoneka kuti sanagone.

"Mwabwera nalo?" anafunsa.

Che Hamidi anagwira thumba.

"Malizani ntchito yanu. Muchotse ndi apa pomwe." Analoza masharubu. "Zonse."

"Bambo a Faruk, mwapenga?" anakuwa mayi Hadijah. "Anthu akatani kumzikiti?"

"Bweretsa madzi ndi sopo. Faruk, lowa, uime apa. Muitanenso mtengwa."

Madzi anabwera. Che Hamidi anayamba kupaka sopo, ndipo Che Ramadhan anayankhula maso ali otseka, thovu likuyenda ndi milomo.

"Ndinali ndisanayambe sukulu. Amayi anachira ku Makokoba, mwana wamkazi. Sanandilole kumuona. Ndinangomva azakhali kuseri kwa chitseko akuti mlomo wake si wa munthu, kumtundu kwathu zimenezi kulibe. Mawu omwewo, asewele. Omwewo amene munawamva pabalaza panga dzana. Bambo anawakweza basi pa Renkini, mwana ali kumbuyo atamufunda kumutu. Ine anandigwira dzanja kuti ndisathamangire. Amayi ankandiyang'ana pawindo. Sanabwerenso, ndipo kaya mlongo wangayo anakula, sindikudziwa. Ndakula ndikudziwa kuti amayi anga anali oyendayenda. Ndakalamba ndikudziwa zimenezo. Dzulo ndaima pamalo pomwe inaima basi ija mpaka dzuwa kupendeka."

Che Hamidi anatambasula lumo. Anagwira nsonga ya mphuno ya asewele awo ndi zala ziwiri n'kuyamba.

Ndevu zoyera ndi zakuda zinagwera pathaulo. Khungu limene linatuluka linali lotuwa, lofewa, losadziwa dzuwa. Kamzere kaja kanaonekera konse, kuchokera m'mphuno mpaka pamene mlomo unatsinika. Mayi Hadijah chipseracho ankachidziwa, nanga si mwamuna wawo, koma ankachidziwa ngati cha chitini, chobisika m'ndevu. Atachiona poyera anagwira pakamwa n'kukhala pansi pakhonde, pafupi ndi zikwama zimene anamanga okha. Faruk anapititsa chala pamlomo wake, osadziwa kuti akutero.

Nazira anali ataima pakhomo, mwana ali m'manja. Che Ramadhan anatambasula mikono.

"Ndipatseni ndimuone, mama. Ndakulakwirani."

Nazira sanafulumire. Anayang'ana apongozi akewo, nayang'ana mwamuna wake.

"Iwe," anatero m'Chichewa, "tsopano wadziwa?"

Faruk anathamangira zikwama kuti azilowetse m'nyumba.

"Zisiye pomwepo. Ndizilowetsa ndekha mtima wanga ukatsika."

Anazisiya. Mnyamatayo anaima manja ali lende, mpaka bambo ake anamuuza kuti asangoti tuzu, apite akafune mbuzi kulikonse kumene ingapezeke nthawi ya Juma isanakwane. Ndipo apo m'pamene Nazira anatsika pakhonde n'kuika mwana m'manja mwa agogo ake.

Che Ramadhan anavundukula kabulangeti kaja. Anayang'ana nthawi yaitali. Misozi inatsika n'kudutsa pamlomo wosazolowera mphepo, iwo osaipukuta. Khandalo linatsegula maso n'kuyasamula, mpata wake wonse uli poyera, ndipo mkuluyo sanayang'ane kumbali.

Che Hamidi anatsuka lumo, nalipukuta ndi sipiriti kawiri, nalipititsa palamba mofatsa. Ukali wawo unali utabwerera pang'ono, poti munthu sasintha tsiku limodzi.

"Tiyeni, asewele, dzuwa likukwera. Ine sindimeta mutu wopanda dzina. Ndikumeta yani?"

Che Ramadhan anaweramira kukhutu kwa mwana n'kunong'ona. Kenako anadzutsa mutu.

"Rukaya."

"Rukaya ndani?" anafunsa mayi Hadijah ali pansi pomwepo. Zaka zonse za ukwati wawo dzina limenelo anali asanalimvepo m'nyumbamo.

"Amayi anga."

Che Hamidi anaviika zala m'madzi ofunda, nanyowetsa katsitsi ka Rukaya, n'kuyamba kumeta kuchokera kumanja.